Ndalama za boma za uphungu wa pa foni: poyambira ndi pamene ambiri amagwera

Achemwali, mwafunsa ngati maboma amapereka ndalama kwa bungwe lofuna kuthandiza pa foni anthu ovutika maganizo amene ali kutali ndi chipatala, komanso kuti muyambire pati. Amapereka, koma thumba lake ndi laling'ono. Lipoti la WHO la 2020 linaonetsa kuti maboma amaika pafupifupi 2 peresenti yokha ya bajeti ya zaumoyo ku matenda a maganizo, choncho olimbirana ndalamazi ndi ambiri ndipo owunika sachedwa kutaya pempho losokonekera.

Musanalembe chilichonse, gwirizanani kaye kuti mukupempha ndalama zothandizira anthu kapena zochitira kafukufuku. Ndi matumba awiri osiyana. Thumba la chithandizo limafunsa kuti mufikira anthu angati, pa mtengo wanji, ndipo ndalama zikatha ntchito idzapitirira bwanji. Kawirikawiri limakhala la mabungwe a m'dziko lomwelo. Mwachitsanzo, ndalama za SAMHSA ndi HRSA, nthambi za boma zoona zaumoyo ku America, anaziikira mabungwe a kwawo komweko, ndiye ngati muli dziko lina musatayepo nthawi, khomo lanu ndi unduna wa zaumoyo kwanuko. Thumba la kafukufuku ndi limene limawoloka malire: NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, kudzera ku nthambi zake za NIMH ndi Fogarty International Center, NIHR, bungwe longa lomweli la ku Britain, ndi Grand Challenges Canada imene imalandira ndalama ku boma la Canada. Amenewa salipira chifundo chanu, amalipira funso limene yankho lake silikudziwika. Mapempho ambiri amafera pomwepa: masamba onse akufotokoza mavuto a anthu, koma funso palibe.

Funso labwino limakwana m'chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo: kodi akuluakulu opeza 10 kapena kuposa pa PHQ-9 (mafunso oyezera kukhumudwa), akalandira uphungu pa foni kasanu kwa mlangizi wophunzitsidwa, amapeza bwino pakatha miyezi itatu kuposa olandira chithandizo cha nthawi zonse? Muli anthu ake, chochita chake, chofananitsira, muyezo ndi nthawi. PHQ-9 ili ndi mafunso 9 ndipo chiwerengero chake chimayambira 0 kufika 27. Ya nkhawa ndi GAD-7, mafunso 7. Mudzafunsidwa ngati mafunsowa anayesedwa kale m'chilankhulo cha anthu anu. Kungomasulira nokha madzulo amodzi sikokwanira, chifukwa mawu onena za kukhumudwa samveka chimodzimodzi kulikonse.

Musapeke njira yanuyanu ya uphungu. Tengani yomwe ili ndi umboni kale. WHO ili ndi Problem Management Plus, yokumana kasanu, kamodzi pa sabata, mphindi 90 ulendo uliwonse, yopangidwira alangizi omwe si madokotala. Friendship Bench ya ku Zimbabwe, imene anayambitsa Dixon Chibanda, ndi yokumana kasanu ndi kamodzi, ndipo zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016. Chatsopano chanu chikhale kusamutsira njira yotere pa foni, ndipo fotokozani zimene zisinthe. Mphindi 90 pa foni ndi zambiri: batire imatha, khutu limatopa, wina akufuna foni yake. Mukadula nthawi, nenani mbali imene mwasiya ndi chifukwa chake.

Za chiwerengero cha anthu, pezani katswiri wa masamu a kafukufuku pachiyambi pomwe, osati sabata yomaliza. Kuti muone kukula kwake: pofuna kuzindikira kusiyana kwapakatikati, kumene iwo amakulemba 0.5, pamafunika anthu pafupifupi 64 m'gulu lililonse. Kusiyanako kukakhala kochepa, 0.3, chiwerengero chimakwera kufika cha m'ma 175. Tsono pa foni anthu amasowa kwambiri. Nambala imasintha, foni imagulitsidwa, wina amangosiya kuyankha. Ngati mukuyembekezera kutaya mmodzi mwa anayi alionse, 64 uja akhale 86. Ndipo ngati cholinga chanu n'kuonetsa kuti foni siyochepekedwa poyerekeza ndi kukumana maso ndi maso, anthu ofunika amachulukirapo kwambiri. Bungwe loyamba kumene lingachite bwino kupempha kafukufuku wamng'ono woyesa ngati ntchitoyo ingatheke: angati avomera, angati afika kumapeto, mafoni angati analumikizika.

Mbali imene owunika amaiwerenga mwachidwi kuposa zonse ndi ya chitetezo. Funso la nambala 9 pa PHQ-9 limafunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Kuchipatala, munthu akavomera, namwino ali pompo. Pa foni mlangizi ali kutali, ndipo foni ikhoza kuduka nthawi yomweyo. Kulemba kuti "tidzawatumiza kuchipatala" sikuyankha kanthu. Lembani ndondomeko yonse: polembetsa, munthu apereke dzina ndi nambala ya wachibale amene iye mwini wavomereza kuti adzaimbiridwe; poyamba kucheza kulikonse mlangizi afunse kumene munthuyo ali ndiponso ngati ali payekha; akatchula zodzipha, afunsidwe ngati wakonza njira, ngati chogwiritsa ntchitocho ali nacho pafupi, ngati anayesapo kale; woyang'anira wodziwa za matenda a maganizo adziwitsidwe tsiku lomwelo; foni ikaduka, aimbenso kangati, motalikirana bwanji, kenako aimbire ndani. Tchulani chipatala cholandira anthu otere ndipo ikani kalata yake yovomera. Popanda kalata imeneyo ndondomeko yanu ndi ya papepala chabe. Nenaninso amene simudzawalandira mu kafukufuku, monga odwala misala yoonekeratu kapena amene ali pangozi ya lero lomwe, ndi kumene adzapite.

Chinsinsi nacho chili ndi misampha yake. Mabanja ambiri amabwerekana foni, ndiye uthenga wokumbutsa usatchule matenda kapena dzina la pulojekiti ngati likuulula nkhani. Gwirizanani mawu oti munthu anene pamene wina walowa m'chipinda, makamaka ngati pali nkhanza za m'banja. Ngati mudzajambula mawu kuti woyang'anira amve mmene alangizi akugwirira ntchito, pafunika chilolezo chapadera, ndipo zojambulazo zisagone m'foni ya mlangizi.

Tsopano zamapepala, zimene zimagwetsa anthu asanafike n'komwe kwa owunika. Ku NIH amapempha ndi bungwe, osati munthu. Bungwe lilembetse pa SAM.gov, webusaiti ya boma la America, kuti lipeze nambala yolizindikiritsa yotchedwa UEI, imene inalowa m'malo mwa DUNS mu April 2022, la kunja kwa America lifunikanso nambala ya NCAGE, kenako lilembetsenso pa mawebusaiti otumizira ndi kutsatira pempho a Grants.gov ndi eRA Commons. A NIH eni amati yambani pasadakhale masabata osachepera 6. Chochedwetsa chachikulu ndi dzina kapena keyala ya bungwe kulembedwa mosiyana pa mapepala awiri, ngakhale chilembo chimodzi. Kulembetsa kwa SAM kumatha chaka chilichonse, ndiye onani tsiku lake. Werengani chilengezo cha ndalamazo mpaka kumapeto, makamaka ndime yonena oyenera kupempha, pakuti mu 2025 NIH inasintha malamulo a mmene ndalama zimafikira kwa ogwira nawo ntchito akunja. Mtundu umodzi wa thandizo la NIH, wotchedwa R21, ndi wa zaka ziwiri, ndalama zogwirira ntchito zosapitirira madola 275,000, ndipo amalola tsamba limodzi la zolinga ndi masamba 6 a ndondomeko. Mukapitirira masamba, pempho silifika kwa owunika.

Pa bajeti, anthu amakumbukira mafoni ndi maphunziro a sabata imodzi n'kuiwala zodula zenizeni: malipiro a woyang'anira alangizi sabata ndi sabata, maunitsi a otenga nawo mbali kuti asalipire okha, wosunga ndi kukonza deta, ndalama za komiti yoona za ufulu wa anthu mu kafukufuku, mayendedwe a wodwala wotumizidwa mwadzidzidzi, ndi odita. Mabungwe akunja NIH imawapatsa 8 peresenti yokha ya zoyendetsera ofesi, choncho lendi ndi magetsi musaziyembekezere pamenepo. Walira mvula walira matope: ndalama za boma zimabwera ndi malipoti a nthawi yake, malisiti a chilichonse, ndi mapepala osonyeza maola amene aliyense wagwira. Opereka ena amabweza ndalama mutagwiritsa kale zanu, ndiye funsani zimenezi musanasaine.

Musalembe munthu ngakhale mmodzi komiti ija isanavomereze, ndipo kafukufuku woyesa chithandizo alembetsedwe m'kaundula wa kafukufuku, monga ClinicalTrials.gov, ISRCTN kapena PACTR, munthu woyamba asanalowe, apo ayi magazini akuluakulu a zachipatala adzakana zotsatira zanu.

Ngati bungwe lanu silinagwirepo ndalama zotere, lowani limodzi ndi yunivesite kapena chipatala chomwe chili ndi ofesi yoona za ndalama za kafukufuku. Iwo atsogolere, inu mugwire mbali ya alangizi ndi kufikira anthu, koma gawo lanu la bajeti ndi maina anu zilembedwe pempho lisanatumizidwe, osati pakamwa. Akakukanani, werengani ndemanga za owunika mutaziziritsa mtima. NIH imalola kutumizanso pempho lokonzedwa kamodzi, pasanathe miyezi 37, ndi tsamba limodzi loyankha zimene anadandaula.