Rauta yodula siboola khoma la njerwa

Achimwene a ku Area 25, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati Wi-Fi imathera pabalaza, kuchipinda chomwe mumagwirira ntchito sifika, ndiye mwasunga ndalama ndipo mukufuna kudziwa yoti mugule pakati pa marauta awiri (zida zomwaza Wi-Fi m'nyumba), Asus RT-AX88U ndi Netgear Nighthawk RAX80. Ndiyankha, koma funso lanuli landiputa, mundilole ndiyambe ndatulutsa zakukhosi.

Achemwali anga amagwira ntchito ya maakaunti ali kunyumba kwawo ku Blantyre. Nyumba yake ndi ya njerwa zowotcha, yaitali, zipinda zondondozana mukhonde. Misonkhano ya pa Zoom itayamba kumaduladula, anapita pashopu ina m'tauni kukafuna thandizo. Mnyamata wapashopupo sanawafunse kuti intaneti amaitenga kuti, kapena kuti nyumbayo ili ndi makoma angati. Anangokwera pampando n'kutsitsa bokosi lomwe linali pamwamba penipeni, n'kuwalozera nambala yaikulu yolembedwa pakona, amvekere, "Mayi, iyi ndiye mapeto a mavuto anu." Analipira ndalama zomwe mpaka lero safuna kuzitchula pamaso pa alamu anga.

Nditapita kukacheza ndinaipeza rautayo ili pansi m'kabati ya TV, kuseri kwa chitseko, itapanikizana ndi dekoda, tinyanga take atatipinda kuti ikwanemo, ili yotentha ukaikhudza. Kumbuyo kwake kunali kawaya kopita pa karauta ka SIM kadi komwe anali nako kale, chifukwa atafika nayo kunyumba m'pamene anazindikira kuti yatsopanoyo ilibe polowetsa SIM. Intaneti yonse inkachokerabe pa 4G yomwe ija, yofooka madzulo aliwonse anthu akaweruka. Ngakhale mugule sefa yodula bwanji, ufa umakhala wofanana ndi chimanga chomwe munapita nacho kuchigayo. Wogulitsayo ankadziwa zimenezi, ndipo n'zomwe zimandiwawa.

Manambala a pabokosiwo ndimadana nawo. Ziwiri zonse mwatchulazi zimalembedwa AX6000. Nambala imeneyo amaipeza pophatikiza liwiro la njira ziwiri zomwe rauta imaulutsira Wi-Fi, 1148 Mbps ya 2.4 GHz ndi 4804 Mbps ya 5 GHz, koma foni yanu imalumikizana ndi imodzi yokha panthawi imodzi. Mafoni ndi malaputopu ambiri a Wi-Fi 6 amalekezera pa 1200 Mbps kapena 2400 Mbps papepala, ndipo izi zimatheka mutaima pafupi ndi rautayo. Tsono ngati intaneti yolowa m'nyumba mwanu ndi 20 kapena 30 Mbps, zikwi zinazo mukulipirira chiyani? Komanso liwiro lalikululo lili pa 5 GHz, yomwe imafooka msanga ikakumana ndi njerwa ndi simenti. Yomwe imayesetsa kudutsa makoma ndi 2.4 GHz, koma ndi yochedwa ndipo oyandikana nanu onse adzazana pomwepo. Wina akuuzani kuti dikirani mugule Wi-Fi 7, yomwe inavomerezedwa mu 2024. Musamumvere pokhapokha foni ndi laputopu yanu zili za Wi-Fi 7, ndipo dziwani kuti 6 GHz yomwe amaitamayo ndiye imagonja kukhoma kuposa zonse.

Ndiye pali nkhani ya magetsi, yomwe olemba za marauta ku America saiganizira n'komwe. Kwathu kuno magetsi akathima, rauta ya ndalama zambiri ndi ya ndalama zochepa zimakhala chete mofanana. Tima-UPS ting'onoting'ono, timabatire toyendetsa rauta magetsi akathima, tomwe tili m'mashopu nthawi zambiri timatulutsa 9V ndi 12V. Asus mwatchulayo imafuna 19V. Tembenuzani adaputa muwerenge musanalipire, apo ayi mudzafunikanso inivetala. Dzinja likafika, mphezi imalowera m'mawaya, ndipo magetsi akamabwerera amabwera ndi ukali. Ya achemwali anga adaputa yake inapsa choncho, ndipo kupeza ina yofanana nayo kunali kuzungulira tauni yonse. Wachibale akakubweretserani kuchokera ku Johannesburg kapena ku America, pulagi yake sigwirizana ndi masoketi athu a mabowo atatu, ndipo ikafa simungaibweze kwa aliyense.

Chinanso chomwe anthu sachiyembekezera: Wi-Fi ikayamba kufika bwino paliponse, bandulo imatha msanga. Mafoni a ana, TV ndi kompyuta zikaona Wi-Fi zimayesa ndi yaulere, zimayamba kukoka ma update usiku wonse. Pa Windows ndi pa Android pali poti muziuze kuti netiwekiyo ndi "metered", kutanthauza ya bandulo yokhala ndi malire. Chitani zimenezo tsiku loyamba. Alendo ndi oyandikana nawo apatseni guest network, Wi-Fi yapadera ya alendo, pasiwedi yeniyeni ikhale yanu, ndipo ya admin yomwe imabwera ndi rautayo muisinthe.

Zomwe tinachita kwa achemwali n'zosavuta. Karauta ka SIM tinakasamutsira pawindo lomwe netiweki imakoka bwino. Rauta yaikuluyo tinaitulutsa m'kabati n'kuikweza pashelefu mukhonde, pakati pa nyumba. Kenako mnyamata wina anakwera kusiling'i n'kudutsitsa waya wa intaneti wa mtundu wa Cat6 kuchokera pa rautayo mpaka patebulo pawo pogwirira ntchito. Chomwe chinathetsa kuduladula kwa Zoom ndi wayayo ndi windolo, zomwe mtengo wake sunafike n'kotala ya rauta ija. Ine ndimaimirira pamenepa ndipo sindisuntha: m'nyumba ya njerwa, tizida tiwiri tamtengo wapakati tolumikizidwa ndi waya timaposa rauta imodzi yodula, tsiku lililonse.

Nanga mugule chiyani?

Ngati muli pa SIM kadi ya Airtel kapena TNM, ndalama zoyamba zipite pa rauta yabwino ya 4G kapena 5G yokhala ndi polumikiza antena yapanja. Ngati muli pa fayiba kapena Starlink, yomwe inafika ku Malawi mu 2023, gulani mesh ya Wi-Fi 6 ya zidutswa ziwiri, kutanthauza timarauta tiwiri togwira ntchito ngati netiweki imodzi, monga TP-Link Deco, muzilumikize ndi Cat6, china chikhale kuchipinda kwanuko. Rauta ya Starlink ya m'badwo wachiwiri ilibe polowetsa waya wa Ethernet, imafuna adaputa yogula padera. Zotsala mugulire UPS ndi choteteza ku mphezi.

Ngati mtima wanu uli pa ziwiri zomwe mwatchulazo basi, tengani Asus, chifukwa AiMesh, njira yake yolumikizira marauta a Asus, idzakulolani kuwonjezera rauta ina mtsogolo. Koma musanapite kushopu, imani pafupi ndi rauta yomwe muli nayo muyese liwiro pa Speedtest, mukayesenso kuchipinda, m'mawa ndi madzulo. Munditumizire manambalawo, mundiuzenso kuti pakatipo pali makoma angati.