Funsani Dokotala: Kodi kiyibodi yogawikana pakati ingathetse dzanzi la m'manja?

Funso: Adokotala, ntchito yanga ndi yotayipa pa kompyuta pafupifupi tsiku lonse, ndipo pofika madzulo mikono imakhala ikuphwanya kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka m'chigongono. Miyezi yapitayi zala za dzanja lamanja zayambanso kuchita dzanzi usiku, moti nthawi zina ndimadzuka n'kumaligwedeza kuti likhale bwino. Mnzanga wandilangiza kuti ndigule kiyibodi yogawikana pakati. Kodi ingandichiritse?

Yankho: M'kalata yanu muli madandaulo awiri osiyana, ndipo kiyibodiyo ingathandize limodzi lokha, lomwe ndi kuphwanya kwa mikono.

Ikani manja pa kiyibodi wamba ndipo muwayang'anitsitse. Popeza mabatani onse ali pamizere yowongoka komanso yothithikana, manja amayandikana kwambiri pamene zigongono zili kutali, ndiye dzanja lililonse limapindikira kumbali ya chala chaching'ono, zikhatho zitayang'ana pansi. Minofu imatopa ikakhala chomwecho kwa maola ambiri. Kiyibodi yogawikana imalekanitsa mabatani a dzanja lamanja ndi a lamanzere kuti dzanja liziwongoka limodzi ndi mkono, ndipo ina imakhala yotukuka pakati ngati denga la nyumba, kuti zikhatho ziziyang'anizana pang'ono. Luso limeneli si lachilendo ayi: kampani ya Microsoft inatulutsa yake yotchedwa Natural Keyboard mu 1994. Anthu ambiri amapezadi mpumulo, koma masabata oyambirira liwiro lotayipa limatsika, makamaka kwa amene anazolowera kudina B kapena Y ndi dzanja losayenera, chifukwa batanilo limapezeka kuti lili tsidya lina.

Musanagule, konzani kaye kakhalidwe kanu, chifukwa kiyibodi yabwino yoikidwa patebulo lalitali sipindula kanthu. Mpando ukhale poti zigongono zapindika pafupifupi madigiri 90, zili pafupi ndi thupi, mapewa osakwera. Timiyendo takumbuyo kwa kiyibodi, timene anthu ambiri amakonda kutitukula, tipindeni, chifukwa timachititsa kuti dzanja lizipindikira m'mwamba. Musatsamiritse mfundo ya dzanja m'mphepete mwa tebulo pamene mukutayipa, mouse ikhale pafupi, ndipo muzipumira kwa mphindi zingapo theka la ola lililonse.

Dzanzi la usiku ndi limene landidetsa nkhawa. Pamfundo ya dzanja pali kampata kopapatiza kamene mumadutsa mtsempha wotumiza uthenga wa kukhudza kuchokera ku zala, pamodzi ndi timinyewa 9 topinda zalazo. Mkati mwa kampatako mukatupa, mtsempha uja umapanikizika, ndipo vutoli madokotala amalitchula kuti carpal tunnel syndrome. Chizindikiro chake n'chakuti dzanzi limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete, koma chala chaching'ono sichikhudzidwa chifukwa chili ndi mtsempha wake wina. Limakula usiku popeza ambirife timagona titapinda manja osadziwa. Mukadzukanso ndi dzanzi, onetsetsani kuti ndi zala ziti zimene zagwidwa, chifukwa dokotala adzakufunsani zimenezo.

Si bwino kuloza chala kompyuta yokha. Matenda a shuga, nyamakazi, kufooka kwa chithokomiro, kunenepa kwambiri ndiponso pathupi zimayambitsanso vutoli, ndipo dzanzi lina limachokera m'khosi osati m'dzanja. N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti kiyibodi ikuchiritsani. Otsatsa malonda amalonjeza zambiri, koma palibe umboni wokwanira woti imachiza mtsempha umene wapanikizika kale.

Pitani kuchipatala akakupimeni dzanja ndi khosi, akayezenso shuga m'magazi. Vutoli likapezeka msanga, chithandizo choyamba chimakhala chomangira dzanja chimene mumavala pogona kuti lisapindike, ndipo ambiri amapeza bwino pakapita masabata angapo. Zikakanika pamakhala jakisoni wochepetsa kutupa, kapena opaleshoni yaing'ono yomasula kampatako. Koma ngati mwayamba kugwetsa zinthu, kulephera kumanga mabatani a malaya, kumva dzanzi usana ndi usiku, kapena mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu wayamba kuphwa, musadikirenso, chifukwa mtsempha ukapanikizika kwa nthawi yaitali nthawi zina mphamvu za dzanja sizibwerera zonse ngakhale atachita opaleshoni.