Za m'bale wa mumpingo amene sakubweza ngongole

Amai, mwafunsa ngati mkhristu angafunse ndalama zake kwa m'bale wa mumpingo amene sakubweza ngongole. Mukhululukireni mumtima koma ndalama zanuzo funsani ndithu, ziwirizi sizitsutsana ayi. Mateyu 18:15-17 akuti yambani mwakamba naye muli awiri chabe, akakana mutengeko mmodzi kapena awiri, za mpingo wonse ndi zothera. Ine mlamu wanga anatenga matumba awiri a feteleza ati adzabweza akagulitsa chimanga, ndinangokhala duu chaka chonse poti ndine mkhristu koma pa Mgonero mtima kuwira ndikamuona. Nditamupeza kumsika wa Kapata tinakhala pansi nkupangana, thumba limodzi linabwera, linalo ndinamusiyira ndekha. Akamakuzembani itanani abusa kapena akulu a mpingo, ndipo ngati ndi ndalama zambiri kapena wayamba kukuopsezani kafunseni loya kapena kukhoti, si tchimo zimenezo.