Kodi Magemu a Pakompyuta Akutha? Yankho kwa Bambo a ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a kwathu amene amakhala ku Rosettenville ndipo amayendetsa galimoto yonyamula katundu pakati pa Johannesburg ndi Durban. Anandilola kuwayankha poyera bola ndisatchule dzina lawo. Nkhani yawo ndi yakuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 16 wakhala akuwapempha kompyuta yosewerera magemu, ndipo akunenetsa kuti akalemba matric akufuna kukaphunzira ntchito yopanga magemuwo. Bambowo asonkhanitsa R12,000 movutikira, koma mnzawo wa kuntchito wawauza kuti makampani opanga magemu akugwa, akuchotsa anthu ntchito mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti masewera a pakompyuta akutha chifukwa dziko lonse lasamukira pafoni. Funso lawo linali lakuti: kodi ndalamazi sizilowa m'madzi, nanga mwanayu sakulondola njira yopita kuphompho?

Bambo, pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito mnzanuyo sananame. Mu Sepitembala 2023 kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inachotsa antchito pafupifupi 830. Mu Januwale 2024 Microsoft inachotsa antchito 1,900 m'nthambi yake ya magemu, patangotha miyezi itatu chigulireni kampani ya Activision Blizzard pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni. Mwezi wotsatira Sony nayo inachotsa anthu 900 n'kutseka situdiyo yake yopangira magemu ya ku London. Imene inandikhudza kwambiri ine ndi ya Tango Gameworks ya ku Tokyo, yomwe mu 2023 inatulutsa gemu ya Hi-Fi Rush imene anthu anaiyamikira mpaka kulandira mphoto, koma pofika Meyi 2024 Microsoft inalengeza kuti ikuitseka, ndipo inapulumuka chifukwa chakuti kampani ya Krafton ya ku South Korea inaigula patapita miyezi yochepa. Anthu amenewa anagwira ntchito yawo bwino, ndipo ntchito yabwinoyo sinawateteze.

Pamene mnzanuyo wasokera ndi poganiza kuti zonsezi zikuchitika chifukwa osewera achepa. N'zoona kuti magemu a pafoni amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse za malonda amenewa padziko lonse, koma kompyuta sinathawidwe. Mu Malichi 2025 anthu amene anali pa Steam nthawi imodzi, womwe ndi msika waukulu wa magemu a pakompyuta, anapitirira 40 miliyoni kwa nthawi yoyamba chiyambireni msikawo mu 2003. Ndiye tili ndi msika umene wadzaza ogula kuposa kale lonse, koma ogulitsa ambiri akuweruka akulira. Kuti mumvetse bwino zimenezi, kumbukirani nkhani ya nandolo.

Amene tinali kumudzi zaka za 2015 ndi 2016 tikukumbukira mmene mtengo wa nandolo unakwerera, ndi mmene aliyense anathamangira kulima mbewuyi, ena mpaka kutenga ngongole, kenako mu 2017 dziko la India n'kuchepetsa kuchuluka kwa nandolo amene limagula kunja, mtengo n'kugwa pansi matumba ali m'nyumba. Zimene zinachitikira makampani a magemu n'zofanana ndithu. Mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, anthu anatsekeredwa m'nyumba ndipo anagula magemu ambiri zedi. Nthawi yomweyo chiwongoladzanja ku America ndi ku Ulaya chinali pansi kwambiri, moti kubwereka ndalama kunali kosavuta. Akuluakulu a makampani anawerengera ngati kuti zinthu zidzakhala choncho mpaka kalekale: analemba antchito ochuluka, anayamba magemu akuluakulu ambiri nthawi imodzi, ndipo anagulana okhaokha pa mitengo yododometsa. Anthu atayambiranso kutuluka m'nyumba malonda anasiya kukula mofulumira, ndipo banki yaikulu ya ku America inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupifupi pa 0 kumayambiriro kwa 2022 mpaka kupitirira 5 peresenti pakati pa 2023. Mwini mpamba amene angathe kupeza phindu lotere ndalama zake zitangokhala phee safunanso kuziika pa gemu imene idzatuluke patatha zaka zisanu, mwinanso osagulidwa.

Chitsanzo chodziwika ndi kampani ya Embracer ya ku Sweden, imene inagula masitudiyo ambirimbiri m'zaka zochepa, kuphatikizapo eni ake a Tomb Raider mu 2022. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mu Meyi 2023 mgwirizano wa madola 2 biliyoni umene kampaniyi inkadalira unalephereka pa mphindi yomaliza, ndipo chotsatira chake chinali kutseka ndi kugulitsa masitudiyo. Volition ya ku America, imene inakhala ikupanga magemu kwa zaka 30, inatsekedwa mu Ogasiti chaka chomwecho.

Vuto lachiwiri ndi mtengo wopangira gemu yaikulu. Zikalata zimene zinaonekera pa mlandu wa boma la America ndi Microsoft mu 2023 zinasonyeza kuti Sony inaononga madola pafupifupi 220 miliyoni popanga The Last of Us Part II, ndi ena 212 miliyoni pa Horizon Forbidden West. Ndalama zambiri mwa zimenezi ndi malipiro a anthu mazana angapo ogwira ntchito zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi popanda kulowetsa ngakhale tambala. Gemu yotere ikapanda kugulidwa palibenso pothawira. Gemu ya Sony yotchedwa Concord inatuluka pa 23 Ogasiti 2024 pa mtengo wa madola 40, pamene magemu ofanana nayo ambiri ndi aulere. Pa 6 Sepitembala Sony inaizimitsa n'kubweza ndalama kwa onse amene anaigula, ndipo mu Okutobala situdiyo ya Firewalk imene inaipanga inatsekedwa. Zaka zonse zija zinathera m'masabata awiri.

Koma chifukwa chimene ine ndimachiona ndi maso anga ndi chachitatu, ndipo ndi nkhani ya nthawi. Ndimakonza makompyuta, ndipo Loweruka masana mwana wa mchemwali wanga amabwera kudzandithandiza kupukuta fumbi m'mafani ndi kusintha ma hard drive. Tsiku lina ndinamupempha kuti andionetse magemu ake. Anali nawo oposa 70, ambiri aulere amene Epic imagawa sabata iliyonse, ena ogula pa mtengo wotsitsidwa wa nyengo ya Khirisimasi, ndipo oposa theka anali asanawatsegulepo n'kamodzi komwe. Madzulo aliwonse amasewera imodzi yokha, Dota 2, imene inatuluka mu 2013 iye asanayambe n'komwe sukulu, chifukwa anzake a ku Tembisa ndi msuweni wake wa ku Lilongwe amakumana mmenemo. Nditamufunsa chifukwa chake sayesako zatsopano, anandiyankha kuti sangasiye anzake kukakhala yekha. Mnyamatayu si wachilendo. Valve, eni ake a Steam, inanena kuti mu 2024 magemu otuluka chaka chimenecho anangotenga 15 peresenti ya nthawi yonse imene anthu anasewera pa Steam. Yotsalayo inapita ku magemu akale monga Counter-Strike, PUBG ndi Grand Theft Auto V, amene akupitirizabe kudya nthawi ndi ndalama za osewera pogulitsa zovala ndi zida za m'gemu momwemo. Wopanga gemu yatsopano lero akulimbirana maola awiri kapena atatu amene munthu amakhala nawo akaweruka, ndipo maolawo ali kale ndi eni ake.

Onjezeranipo kuchuluka kwa ogulitsa. Kuika gemu pa Steam kumangofuna madola 100, ndipo mu 2024 mokha magemu atsopano oposa 18,000 anaikidwapo, kutanthauza pafupifupi 50 tsiku lililonse. Pa gemu iliyonse imene yagulidwa Valve imatengapo 30 peresenti, ndipo gawoli limatsika kufika pa 25 kenako 20 pokhapokha gemuyo ikapanga madola oposa 10 miliyoni ndi 50 miliyoni. Epic inatsegula msika wake mu 2018 n'kumatenga 12 peresenti yokha, koma ogula ambiri sanasunthe. Aliyense amene anagulitsapo tomato pamsika wa Limbe kapena wa Lizulu akudziwa kuti wodula tikiti ya msika samva kuti lero malonda sanayende. Ndicho chifukwa chake mungamve kuti masewera a pakompyuta akuyenda bwino ndiponso kuti opanga magemu ali pamavuto, zonse ziwiri n'kukhala zoona.

Sindikufuna kuti muganize kuti onse akulira. Stardew Valley inapangidwa ndi munthu mmodzi, Eric Barone, ndipo yagulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri kuchokera mu 2016; Balatro ya mu 2024 nayonso ndi ntchito ya munthu mmodzi. Kuno ku South Africa situdiyo ya Free Lives ya ku Cape Town inadziwika padziko lonse ndi Broforce mu 2015, ndipo muno mu Johannesburg muli Nyamakop, imene inatulutsa Semblance mu 2018, komanso 24 Bit Games, imene imathandiza makampani akunja pa ntchito zaukadaulo ndipo inagulidwa ndi Annapurna Interactive mu 2023. Komabe pa wopambana mmodzi aliyense pali mazana amene magemu awo sanaonedwe ndi munthu, ndipo masitudiyo a m'dziko muno ndi ochepa ndiponso aang'ono, moti malo a ntchito sachuluka.

Tsono pa za tsogolo la mwanayu, maganizo anga ndi akuti musamuletse, koma mumuthandize kusankha maphunziro amene ali ndi zitseko zingapo. Yunivesite ya Wits ku Braamfontein imaphunzitsa zopanga magemu, ndipo aliponso maphunziro a sayansi ya makompyuta amene angamufikitse komweko. Munthu wodziwa kulemba mapulogalamu akasowa ntchito ku situdiyo angathe kukaipeza kubanki ku Sandton kapena ku kampani ya mafoni, pamene wodziwa kukonza magawo a gemu basi amavutika situdiyo ikatsekedwa. Chofunika kuchiona panopa, asanafike patali, n'chakuti kusukulu akuphunzira Mathematics yeniyeni, chifukwa Maths Literacy siimulowetsa m'maphunziro ambiri a mtundu umenewu. Mumuyesenso motere: pulogalamu ya Godot yopangira magemu ndi yaulere, Blender yojambulira zinthu ndi yaulerenso, ndipo zonsezi zimayenda pa kompyuta wamba. Akatha miyezi itatu atapanga kagemu kakang'ono, ngakhale konyansa, mudzadziwa kuti chidwi chake n'chopanga. Akangosewera osapanga kanthu, pamenepo mwadziwanso china, ndipo palibe choipa, kungoti musamulipirire digiri pa chifukwa chimenecho.

Pa za kompyutayo, gulani, koma mwanzeru. Mavuto a makampaniwa wogula samupweteka kwenikweni, chifukwa magemu abwino a zaka zisanu zapitazo amatsika mtengo kwambiri, aulere ndi ambiri, Steam imalandira marandi, ndipo imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 gemuyo musanaisewere maola awiri. Chimene chimapweteka ndi zida. Ma graphics card, omwe ndi makadi otulutsa zithunzi za gemu pa sikirini, anakwera mtengo mu 2021 chifukwa cha okumba ndalama za crypto, ndipo kenako makampani a AI anayamba kugula tchipisi tambirimbiri, zomwe kumapeto kwa 2025 zinakwezanso kwambiri mtengo wa RAM, memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu. Ndi R12,000 musalimbane ndi zatsopano za pamwamba zimene mwanayo akuziona pa YouTube. Kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi RAM ya 16GB, SSD (chosungira mafayilo chachangu), ndi graphics card yapakatikati ikwanira magemu ambiri amene anzake akusewera, bola ikhale yotha kulandira Windows 11, popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Musiyeko pang'ono zogulira chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, pakuti amene tinaona kuthimathima kwa 2023 tinakwirira makompyuta ambiri. Mwanayo afunsenso ngati gemu imene akufuna ili ndi ma server, makompyuta a kampani amene amalumikiza osewera pa intaneti, m'dziko muno: Counter-Strike ndi Dota 2 ali nawo mu Johannesburg, pamene ena amakulumikizani ku Ulaya ndipo mumawombera mnzanu atachoka kale pamalopo.

Dziwaninso kuti pogula gemu pa intaneti mumagula chilolezo choisewera, ndipo imene imadalira ma server a kampani ingathe kuzimitsidwa, monga mmene Ubisoft inachitira ndi The Crew mu Malichi 2024, anthu amene anaigula n'kutsala manja lende. M'nthawi ino ya masitudiyo otsekedwatsekedwa, ndalama za mwana zipite kwambiri ku magemu amene amayenda popanda intaneti.

Mwezi wathawu mnyamata wina anabwera kwa ine ndi graphics card imene anagula kwa munthu amene anapezana naye pa intaneti n'kukumana pamalo omwetsera mafuta. Kunja inkaoneka yatsopano, mafani ankazungulira bwinobwino, koma titaipatsa gemu yolemera kwa mphindi khumi sikirini inadzaza timizere tobiriwira kenako n'kuda bii, ndipo foni ya wogulitsayo inali itazimitsidwa kale. Choncho bambo, mukapeza kompyuta imene yakusangalatsani, musapereke ndalama mpaka wogulitsayo ailumikize pamaso panu ndi kuiyendetsa ndi gemu yolemera kwa theka la ola, inu mukumvetsera phokoso la mafani ndi kugwira bokosilo kuti mumve kutentha kwake. Mupite ndi mwanayo tsiku limenelo, chifukwa iye ndiye adzadziwe gemu yoyesera.