Azakhali, za chinkhwe chija

Azakhali, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona m'mawa pagulu pano, koma kuti ndilembe zonse ndi zala, aaa, sindingathe, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Amene nkhani ya mbalame sikukukhudzani mungodumpha, chifukwa itenga kanthawi.

Mwati popeza mwapuma pantchito ndipo m'nyumba mwangoti zii, mukufuna kuweta chinkhwe. Ndipo mtima wanu wagwera pa chotuwa chija cha mchira wofiira, chimene amati African grey, chifukwa mwachiona pavidiyo chikulankhula ngati munthu. Ndiye mukufunsa ngati chingakuyenereni kapena pali mtundu wina. Eee. Ndiyankha mosapsatira, mundikhululukiretu.

Ine munthu akandifunsa zimenezi, sindiyamba ndi maonekedwe a mbalame. Ndimayamba ndi tsiku lake, kuti limayenda bwanji kuchokera podzuka mpaka pogona. Inuyo azakhali mwapuma pantchito, zoona, koma pakhomo mumakhalapo? Ndikukudziwani ine. Lero muli kumsonkhano, mawa mwapita kukaona zidzukulu, sabata yamawa mwachoka masiku anayi. Kutchire zinkhwe zimakhala m'magulu, kudyera limodzi, kuulukira limodzi, kusamalana nthenga. Chikabwera m'nyumba mwanu, gulu lake ndinu. Mukatuluka m'chipinda chimakuitanani mokuwa, monga momwe chikanaitanira zinzake m'nkhalango. Anthu amati chachita mwano. Si mwano, chikungofunsa kuti anzanga muli kuti.

Tsono African grey ameneyu. Kwawo ndi nkhalango za pakati ndi kumadzulo kwa Africa, maiko ngati Cameroon, Gabon, Congo, Ghana. Za nzeru sindikutsutsani. Panali chinkhwe china cha mtundu umenewu dzina lake Alex, chimene wasayansi wa ku America, Irene Pepperberg, anachigula mu 1977 n'kuchiphunzitsa zaka 30, mpaka chinafa mu 2007. Chimenecho chinkatchula mayina a zinthu, mitundu yake, kaya chobiriwira kaya chofiira, n'kuwerenga zinthu zoikidwa patsogolo pake mpaka 6. Koma taganizani, chinali ndi anthu ocheza nacho maola ambiri tsiku lililonse, ntchito yawo inali yomweyo. Nzeru zomwezo ndi zimene zimachivutitsa chikasowa chochita. Mutu ukugwira ntchito, koma palibe choti chitafune, palibe wolankhula nacho, khola lomwelo, khoma lomwelo. Chimayamba kudzizula nthenga.

Ndinachionapo chimodzi ndi maso angawa, kwa munthu wina amene anandiitana kuti ndikamuthandize maganizo. Mutu wokha ndiye unali ndi nthenga zabwinobwino, chifukwa mlomo sufikako. Pachifuwa ponse panali mbee, khungu lokhalokha ngati nkhuku yososola, pansi pa khola pali tinthenga totuwa mbwee. Mwini wake sanali munthu wankhanza ayi, ankachikonda kwambiri. Anangosintha ntchito n'kuyamba kuchoka m'mawa kubwera usiku. Basi. Ndipo chizolowezi chimenechi chikakhazikika, kuchithetsa n'kovuta zedi.

Komanso pavidiyo amakuonetsani chimene chimalankhula. Sakuonetsani zija zimene sizitchula liwu ngakhale limodzi, zimangotsanzira kulira kwa foni, kukwekwesa kwa chitseko ndi chifuwa cha mwini nyumba. Palibe wogulitsa amene angakulonjezeni kuti ichi chidzalankhula. Akakulonjezani, dziwani kuti akufuna ndalama zanu.

Ndiye pali nkhani ya zaka. Zaka zanu sinditchula pagulu pano, ndimafuna kudzalandiridwabe kwanu. Koma African grey wosamalidwa bwino amakhala zaka 40, ena mpaka 60. Zinkhwe zikuluzikulu zonse ndi choncho. Ku Brookfield Zoo, kufupi ndi Chicago, kunali cockatoo wina, chinkhwe cha tsumba pamutu, dzina lake Cookie, anafa mu 2016 ali ndi zaka 83. Ndiye funso ndi lakuti, mukadzatopa, adzachitenga ndani? Asuweni anga amene muli pagulu pano, mwamva? Wina anyamule dzanja. Mwaona, zii. Ndipo mbalame imene yazolowera munthu mmodzi zaka 20 imavutika kwambiri ikasamutsidwa, imatha kusiya kudya, imatha kuluma aliyense.

Mukumva kumbuyoku? Ndi kachinkhwe kanga kaja. Kamva ndikulankhula ndipo kakufuna kuyankhira.

Chabwino, tibwere kwa ankolo, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Ankolo ali ndi mphumu. Pali mitundu ya zinkhwe imene ili ndi tinthenga tina tam'kati timene timanyenyeka n'kukhala ufa woyera, umene mbalameyo imadzola posamalira nthenga zake. Zimene zili ndi ufa wambiri ndi African grey, cockatoo ndi cockatiel. Kanga kano ndi ka cockatiel, kakang'ono chabe, koma ndikapukuta TV Loweruka, pofika Lachiwiri ndimatha kulembapo dzina langa ndi chala. Kakadzikutumula padzuwa la pawindo umaona fumbi likuti fuu, ngati wina wagwedeza thumba la ufa. Ine mapapo anga ndi abwino, sizindivuta. Koma munthu wa mphumu, m'nyumba yotseka mawindo usiku, ndi mbalame yaikulu kuposa kanga kangapo? Ayi, azakhali. Musanagule chilichonse cha nthenga, ankolo akambe kaye ndi adokotala awo.

Zimandiwawa, chifukwa pakanapanda mphumuyo ndikanangoti tengani cockatiel, nkhani yatha. Ndi mbalame ya ku Australia, yofatsa, imakonda kukandidwa kumutu, yaimuna imaimba likhweru bwino kwambiri, ndipo imakhala zaka 15 mpaka 20. Imakuuzaninso zakukhosi kwake ndi tsumba lija la pamutu: likaima njo ndiye kuti yadzidzimuka, likagona kwambiri chammbuyo mpaka kumamatira ndiye kuti yakwiya, chotsani chala. Vuto lake lina ndi kudzidzimuka usiku, imadziwombetsa m'khola mumdima mpaka kuthyola nthenga, ndiye ine ndimasiya kagetsi kozimirira. Koma tazisiyani, kwanu siyenera.

Macaw ndi cockatoo sinditayapo nthawi. Macaw wina kuchokera kumutu mpaka kumchira amayandikira mita yathunthu, mlomo wake umaphwanya mtedza wolimba ngati akuseka, ndiye mpando wanu wa thabwa uja ungalimbe? Cockatoo amafuna kunyamulidwa ngati khanda ndipo akakuwa aneba onse amadzuka. Inu nyumba yanu mwagawana khoma ndi anthu ena. Ngakhale sun conure, kaja kachikasu kokongola ngati dzuwa likulowa, thupi kang'onong'ono koma mawu ake amaboola khutu. Zinkhwe zonse zimakuwa m'mawa ndi madzulo, n'chilengedwe chawo, simungaziletse. Chimene mungasankhe ndi kukula kwa phokosolo basi.

Wina analemba m'munsi mwa funso lanu kuti mutenge ma lovebird. Ndi tokongola, zoona, ndipo timachokera kuno ku Africa ndi ku Madagascar. Koma dzinalo lisakunamizeni. Tili ndi ukali, makamaka tatikazi tikayamba kuteteza malo ake, timaluma mpaka magazi. Kulankhula sitilankhula kwenikweni.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa: tengani ma budgie. Ndikudziwa, ndikudziwa, mwakwinya kale nkhope, mukuti timbalame ta ana asukulu. Koma budgie ndi chinkhwe chenicheni, azakhali, chochokera ku Australia, kutalika masentimita 18, kulemera magalamu 30 kapena 40. Ndipo pa nkhani ya kulankhula imene mukuifunayo, mbalame imene inalembedwa m'buku la Guinness, lija lolemba zoposa zonse padziko, mu 1995 kuti imadziwa mawu ochuluka kwambiri sinali African grey. Inali budgie, dzina lake Puck, mawu 1,728. Kusiyana kwake n'kwakuti budgie amalankhula ndi timawu tating'ono, mothamanga, ngati wailesi ikumveka kuchipinda china, umafunika kutchera khutu. Taamuna ndi timene timaphunzira kwambiri. Mumatizindikira poyang'ana kachikopa ka pamwamba pa mlomo, pamene pali mphuno: takulu taamuna nthawi zambiri pamakhala pabuluu, tatikazi pofiirira kapena potuwa. Fumbi tili nalo lochepa poyerekeza ndi atatu aja, ngakhale sikuti mulibiretu. Moyo wake ndi zaka 7 mpaka 10, ena amapitirira akasamalidwa bwino. Zaka zimenezo mungathe kulonjeza ndi mtima wonse.

Koma apa pali posankha, ndipo musankhe moona mtima. Kamodzi kokha kamazolowera inu, kamatera paphewa, mwina kadzalankhula, koma ndiye kuti mwakhala mnzake weniweni, tsiku lililonse maola angapo. Tiwiri timacheza tokhatokha, timasangalala, mukachoka tsiku lonse sitidandaula, koma mwayi woti tilankhule umachepa chifukwa tili ndi wolankhula naye m'chinenero chawo. Malinga ndi mayendedwe anu aja, ine ndikuti tiwiri, taamuna tonse kuti musavutike ndi mazira. Mukamachoka masiku, pakhalebe munthu wobwera tsiku lililonse kudzasintha madzi ndi chakudya.

Ngati mtima ukukanabe, ukufuna chokulirapo choti muzichinyamula padzanja, yang'anani Senegal parrot kapena Meyer's parrot. Ndi za kuno ku Africa, zapakatikati, phokoso lake n'lopiririka. Koma zimatha kukhala zaka 25 kapena 30, ndipo Senegal amakonda kusankha munthu mmodzi m'nyumba, enawo n'kumawathamangitsa. Akasankha ankolo osati inu, musadzandiimbire foni.

Chilichonse chimene mungatenge, chikhale choswedwa ndi oweta, osati chogwidwa kutchire. African grey anagwidwa mochuluka kwambiri moti mu 2016, pamsonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ku Johannesburg, maiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a zogwidwa kutchire. Zambiri zimafera m'njira zisanafike n'komwe kwa wogula, ndipo yopulumukayo imakhala yamantha, nthawi zina yodwala. Funsani kuti muone kumene inabadwira. Oweta ambiri amaveka kamphete kosadula kumwendo mbalame ikadali kamwana, kamene sikangalowe pa mwendo wa yaikulu. Onaninso maso owala, mphuno youma, kumatako koyera.

Khola likhale lalitali cham'mbali, chifukwa mbalame imauluka chopingasa, siuluka chokwera ngati chikepe. Makola ozungulira aja ndi okongola kwa ife, kwa mbalame ayi, imasowa ngodya yobisalapo. Kwa budgie mipata ya mawaya isapose sentimita imodzi ndi pang'ono, kuopa mutu ungakodwe. Ndipo chonde, khola lisakhale kukhitchini. Mapoto osamata aja, okutidwa ndi Teflon, akatenthedwa mopitirira amatulutsa mpweya umene ife sitiumva n'komwe, koma mbalame imafa nthawi yochepa, chifukwa kapumidwe kake kamakoka mpweya mwamphamvu kuposa kathu. Chimodzimodzi utsi wa fodya, mankhwala opopera udzudzu, zonunkhiritsa m'nyumba. Mapeyala ndi chokoleti musapatse ngakhale pang'ono. Komanso mbewu zokhazokha, makamaka mpendadzuwa, zimanenepetsa n'kuwononga chiwindi, ndiye masamba azikhalapo tsiku lililonse. Poyamba tidzakana, tidzayang'ana tsamba ngati njoka. Musatope, kanga kanatenga pafupifupi mwezi kuti kalawe.

Tulo, ndatsala pang'ono kuiwala. Timafuna maola 10 kapena 12 a mdima ndi bata. Ankolo amaonera mpira mpaka pakati pa usiku, ndiye khola lisakhale pafupi ndi TV, apo ayi mudzakhala ndi timbalame tolusa. Ndipo pezeranitu dokotala wa ziweto amene amadziwa mbalame musanagule, chifukwa si onse. Mbalame imabisa matenda, kutchire yooneka yofooka ndi imene imagwidwa. Mukadzaiona yafufuma nthenga, yakhala pansi pa khola, maso ali tsinzi masana, si zodikira mawa zimenezo.

Ndikutumizirani kavidiyo kena kamene ndinajambula, ka kanga kano kakuitana m'mamawa. Muikeko mawu mpaka kumapeto, muyatse ankolo akadali mtulo, muone nkhope yawo. Mukumbukire kuti ameneyo ndi cockatiel chabe. Ndiyeno Loweruka likubwerali mubwere nonse awiri, ankolo adzakhale ola limodzi m'chipinda chino timve chifuwa chawo chikuti bwanji, inu mudzandithandize kutsuka khola kuti muone ntchito yake ndi manja anu. Mubwere ndi kamankhwala kawo kopopera kaja.

Iwe! Siya chimenecho! Pepani azakhali, kagwira waya wa chaja, ndikuimbirani madzulo.