Matrix ya covariance ikakana kulowa m'kompyuta

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa wophunzira wina amene akufufuza za mvula pogwiritsa ntchito deta ya CHIRPS, nkhokwe ya manambala a mvula ochokera ku masetilaiti ndi malo oyezera mvula. Ali ndi malo 60,000 pa gridi, ndipo anawerengera matrix ya covariance (tebulo la manambala losonyeza momwe mvula ya malo awiri aliwonse imasinthira limodzi) ya zaka khumi zilizonse payokhapayokha n'kuzisunga pa disiki. Tsopano akufuna kuphatikiza ma matrix amenewa, koma laputopu yake ya 16 GB ikungoima.

Funso limeneli linandikumbutsa usiku umene ndinasiya kompyuta ikuwerengera manambala a kutentha kwa nyengo pa nthawi ya kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri. M'mawa ndinapeza liwu limodzi lokha pa sikirini yakuda, lakuti Killed, kutanthauza kuti Linux inazimitsa pulogalamu yanga RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirira ntchito pa nthawiyo) itadzaza. Zinachitikanso usiku wachiwiri ndi wachitatu. Pothedwa nzeru, ndinagawa deta molingana ndi nyengo, dzinja palokha ndi chilimwe palokha, ndinawerengera covariance ya gawo lililonse, kenako ndinatenga avareji ya ma matrix awiriwo. Zotsatira zinaoneka bwino kwambiri mpaka tsiku limene aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga anazunguliza tebulo lina ndi cholembera chofiira n'kundifunsa kuti, kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe kwapita kuti? Ndinali nditakutaya, pakuti avareji ya ma covariance sidziwa kuti magulu awiriwo anali ndi maavareji osiyana. Ndinabwerezanso ntchito ya miyezi iwiri.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti m'kalasi timaphunzitsidwa covariance pa bolodi ndi matrix ya mizere itatu, koma palibe amene amatiphunzitsa kuwerengera ma byte tisanayambe ntchito. Nambala imodzi ya float64 (mtundu wa manambala a desimali m'kompyuta) imatenga ma byte 8. Malo 60,000 kuchulukitsa ndi 60,000 ndiponso ndi 8 amapereka 28.8 GB pa matrix imodzi yokha, tisanawerengere makope amene NumPy, chida cha Python chowerengera manambala, imapanga pamene ikugwira ntchito. Amene amalangiza kuti mungogula RAM yambiri sakukuthandizani, chifukwa mukachulukitsa malo kawiri, matrix imakula kanayi. Akatswiri olosera zanyengo anazindikira zimenezi kalekale. Njira ya ensemble Kalman filter imene Geir Evensen anafalitsa mu 1994 imasunga zitsanzo zochepa za momwe nyengo ingakhalire m'malo molemba covariance yonse, ndipo ndimakhulupirira kuti wophunzira aliyense wa manambala ayenera kuiona asanamalize sukulu.

Kuphatikiza koyenera

Mnzanga amene munandilembera imelo, ngati mukufunadi kuphatikiza, tsatirani njira ya Chan, Golub ndi LeVeque ya 1979. Pa gawo lililonse sungani zinthu zitatu: chiwerengero cha zitsanzo n, avareji yake, ndi matrix S, imene ndi covariance yochulukitsidwa ndi n − 1. Pophatikiza magawo A ndi B, pezani d, kusiyana kwa maavareji awo, kenako S = SA + SB + (nA × nB / n) × d dᵀ, pamene SA ndi nA ndi S ndi n za gawo A, SB ndi nB ndi za gawo B, n ndi nA + nB, ndipo d dᵀ ndi matrix yopezeka pochulukitsa nambala iliyonse ya d ndi nambala iliyonse ya d. Chidutswa chomalizacho ndi chimene ine ndinataya. Chitani zimenezi pang'onopang'ono, mabuloko a mizere 2,000 nthawi imodzi, kudzera mu numpy.memmap kapena fayilo ya HDF5 (njira zowerengera deta pa disiki osailowetsa yonse mu RAM), ndipo popeza matrix imafanana mbali zonse ziwiri za diagonal, werengerani theka lokha.

Komabe ndikukupemphani kuti muyambe mwadzifunsa ngati matrix imeneyi mukuifunadi. CHIRPS imayambira mu 1981, kotero deta ya mwezi ndi mwezi mpaka 2023 ili ndi miyezi 516. Tebulo la miyezi 516 ndi malo 60,000 limatenga pafupifupi 250 MB basi, ndipo covariance yochokera pamenepo singakhale ndi rank (chiwerengero cha mizere yosadalirana) yoposa 515, choncho inverse yake singapezeke popanda shrinkage (kukokera covariance ku matrix yosavuta) monga ya Ledoit ndi Wolf. Ngati cholinga chanu ndi ma EOF kapena PCA (njira zopezera kasinthidwe kakulu kamene kali mu deta), chotsani avareji ya malo aliwonse pa tebulo laling'onolo n'kuchita SVD (njira yogawa tebulo m'zigawo zake zikuluzikulu) mwachindunji. Laputopu yanu ya 16 GB idzamaliza ntchitoyo m'mphindi zochepa.