Maselo anu atalika, koma musathamangire kulemba kuti ndi fibrosis

Wophunzira wina wandilembera imelo. Akuti maselo a mesothelium (kachikopa kopyapyala kokuta mkati mwa mimba) amene anachotsa pa omentum (chinsalu cha mafuta chokuta matumbo) atalika atangowasamutsira m'mbale yatsopano kachitatu, ndiye alembe kuti asanduka maselo opanga zipsera (fibrosis)? Funsoli landifika pamtima, chifukwa mkangano womwewu unandisowetsa tulo mu labu ina.

Mkulu wathu kumeneko ankakonda zithunzi. Ukaika mbale pa maikulosikopu, iye kusuzumira kamodzi basi, "Asintha awa, jambulani." Koma ife amene tinkagwira ntchitoyo ndi manja tinkadziwa kumene maselowo achokera. Kachidutswa ka omentum timakaviika mu trypsin, mankhwala omasula maselo, pa 37°C kwa mphindi ngati 20. Ukangochedwa kuvuula, mankhwalawo amalowa pansi n'kutokosola ma fibroblast, maselo ena otalika okhala kunsi kwa kachikopako. Masiku oyamba saoneka n'komwe. Mbale imadzaza bwinobwino, maselo atagundana ngati miyala yoyala pabwalo, mtima nkukhala m'malo. Koma ma fibroblast amaswana msanga, ndipo ukasamutsa kachitatu kapena kachinayi umapeza alanda malo. Ndikanena zimenezi pamsonkhano, mkuluyo ankangoti ndimakonda kuchedwetsa ntchito.

Sindikukana kuti kusinthako kulipo, ayi. Mu 2003, María Yáñez-Mó ndi anzake ku Madrid analemba mu New England Journal of Medicine kuti maselo otengedwa m'madzi otuluka m'mimba mwa odwala impso amene ali pa peritoneal dialysis (kusefa magazi pothira madzi m'mimba) amataya E-cadherin (puloteni yomata maselo pamodzi), Snail (puloteni yoletsa E-cadherin) nkukwera, iwo nkutalika. M'mbale namo, ukathira TGF-β1 (puloteni yolimbikitsa zipsera) umaona zomwezo. N'zosadabwitsa: mwa odwalawa kachikopa ka m'mimba kamasambitsidwa tsiku ndi tsiku ndi madzi a asidi okhala ndi shuga wofika 4.25%, ndipo pakapita zaka kamakhuthala mpaka kulephera kusefa.

Chimene ndimakana n'kutenga mbale ngati mimba ya munthu. Mu 2014, ofufuza ena anaika chizindikiro pa maselo a mbewa n'kuwatsatira, ndipo analemba mu Journal of the American Society of Nephrology kuti maselo ambiri opanga collagen (ulusi wa zipsera) anachokera ku ma fibroblast akunsi aja. Ndiye amene akulemba ngati nkhaniyi inatha kale akunamiza owerenga, ndanena ndanenanso. Musandiyambitse za MeT-5A (mtundu wa maselo a mesothelium osungidwa mu labu), amene anthu amamugwiritsa ntchito pa nkhani za m'mimba pomwe anachokera pa kachikopa kokuta mapapo, komanso anasinthidwa ndi majini a kachilombo ka SV40 kuti asamafe msanga.

Ndiye mutani?

Musalembe kanthu kaye. Pakani utoto woonetsa cytokeratin (chizindikiro cha mesothelium) pamodzi ndi α-SMA (chizindikiro cha maselo opanga zipsera). Selo lotalika lokhala ndi zonse ziwiri ndi mesothelium imene ikusintha. Lopanda cytokeratin lingakhale fibroblast wolowerera. Sungani mbale imene simunathiremo TGF-β1 kuti mufananitse, ndipo ulendo wina yambani kuyesa musanapitirire kusamutsa kwachiwiri.